Udzu wa ku steppe ndi wa ku Tsangano: bwanji dothi lawo lili lakuda, lathu lofiira?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ku Tsangano, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Ndimalimanso tirigu ndi kachewere, ndipo ndili ndi ting'ombe tingapo. M'phunziro la jogalafe timawerenga za madera audzu a m'maiko ozizira, prairie ya ku America ndi steppe ya ku Russia. Buku limati kumeneko mitengo kulibe, kumazizira, amalima tirigu, ndipo dothi lake ndi lachonde kuposa lina lililonse. Ana anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, si kwathu kuno kumeneko?" Kunonso kumazizira, zitunda zathu ndi zaudzu, tirigu timalima. Nanga kumeneko kumamera zotani? Bwanji dothi lathu lili lofiira ndipo silibereka popanda feteleza? Ndipo nditaitanitsa mbewu ya udzu wa kumeneko, ng'ombe zanga zingasiye kuwonda mu Okutobala?

Yankho: Zikomo aphunzitsi. Anawo afunsa bwino, ndipo diso lawo silinawanamize. Munthu ataima pa chitunda ku Tsangano mu Juni, mphepo ikuomba, udzu utauma mpaka kumene maso alekezera, zimene akuona sizisiyana kwenikweni ndi chithunzi cha m'bukumo. Koma kufananako kwathera pamwamba. Zomera za ku prairie ndi ku steppe, mbali yaikulu ya moyo wake ili pansi pa nthaka, ndipo mafunso anu onse atatu mayankho ake ali komweko.

Maderawa ndi aakulu zedi. Steppe imayambira ku Hungary, n'kudutsa Ukraine, kum'mwera kwa Russia, Kazakhstan ndi Mongolia mpaka kumpoto kwa China, mtunda wa makilomita pafupifupi 8,000. Prairie ili pakati pa North America, kuchokera ku Canada kutsetsereka mpaka ku Texas. Ku Argentina ndi Uruguay kuli pampas, ndipo kuno ku Africa kuli Highveld, chigwa chokwera chija pamene pali Johannesburg. Mvula ya m'madera amenewa nthawi zambiri imakhala pakati pa mamilimita 250 ndi 900 pa chaka, yokwanira udzu koma yoperewera nkhalango yothithikana.

Pa nkhani ya kuzizira m'pamene tikuyenera kumvana bwino. Chisanu cha kwathu chimagwa usiku mu Juni ndi Julaye, kuwaula masamba a kachewere ku dimba, koma ikamakwana 9 koloko m'mawa dzuwa lachichotsa. Nthaka yathu siundana. Ku Mongolia, ku Kazakhstan ndi ku Canada kumazizira mpaka madigiri 30 kapena 40 pansi pa ziro, nthaka n'kuundana kwa miyezi inayi kapena isanu moti khasu silingalowe. Ikatha nyengoyo kumabwera chilimwe chotentha kupitirira madigiri 30. Pampas ndi Highveld ndi zofatsa, chisanu chake sichifika pamenepo. Chomera chilichonse cha ku steppe ndi ku prairie chiyenera kukhala ndi njira yopulumukira miyezi imene pamwamba pa nthaka palibe chingakhale ndi moyo.

Udzu njirayo uli nayo. Mtengo umakulira kunsonga. Mbuzi ikabudula nsonga ya kamtengo, kapena moto ukaiwaula, ndiye kuti pamene pamatuluka masamba atsopano paja pawonongeka. Udzu umakulira kuphata. Tsamba lake limatalika kuchokera m'munsi, ndipo maso otulutsa mphukira ali pa nthaka penipeni kapena m'kati mwa dothi pang'ono. Ng'ombe ikadya, yangodula mbali yakale ya tsamba, tsambalo n'kumakankhabe kuchokera pansi. Moto ukadutsa umanyeketsa zouma za pamwamba, koma kutentha kwake sikulowa m'dothi kupitirira masentimita ochepa. Chisanu chikamayandikira, udzu umatsitsira chakudya chake ku mizu, n'kusiya masamba kuti afe. Chilala, moto, chisanu ndi nyama zodya msipu ndizo zinalepheretsa mitengo kukhazikika, pamene udzu zonsezi umazipirira. Nyamazo sizinali zochepa. Njati za ku America zinalipo mamiliyoni makumi angapo, alenje asanazitsirize mpaka kutsala zosakwana 1,000 kumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Ku steppe kunali akavalo am'tchire ndi mbawala yamphuno yotupa yotchedwa saiga. Udzu nawonso uli ndi chida chake: m'masamba ake muli silika, timchenga tosaoneka ndi maso timene timaperepesa mano a nyama. N'tomweti timene timakuchekani chala mukakoka tsamba la bango, ndiponso timabunthitsa chikwakwa msanga.

Amene anaonetsa dziko zimene zili pansi pa prairie ndi John Weaver wa ku yunivesite ya Nebraska. Anatha zaka zambirimbiri akukumba maenje akuya m'tchire, kulondola muzu umodziumodzi ndi kuujambula pa pepala. Udzu wotchedwa big bluestem, umene mvula ikagwa bwino umatalika kupitirira munthu, mizu yake imatsika mamita awiri kapena atatu. Kumadzulo, kufupi ndi mapiri a Rocky amene amatchinga mvula, kumamera udzu waufupi, buffalo grass ndi blue grama. Buffalo grass sufika n'komwe m'bondo, umathera cha m'kakolo, koma mizu yake imapitirira mita. Mukazula zomera za pa malo amodzi n'kuyeza kulemera kwake, zoposa theka zimakhala za pansi, ndipo kawirikawiri magawo awiri mwa atatu kapena kuposerapo. Mizuyo imalukana zolimba moti Azungu oyamba kukakhala ku Nebraska ndi ku Kansas, atasowa mitengo yomangira, ankadula nthaka ya udzuyo m'zidutswazidutswa n'kumangira nyumba, ndipo makoma ake ankaima zaka.

Si udzu wokhawokha ayi. Udzu ndiwo umadzaza malo, koma mukawerenga mitundu ya zomera, zochuluka ndi zamaluwa zamasamba otambalala. Pali za m'gulu la nyemba, monga purple prairie clover ndi leadplant, zomwe mizu yake ili ndi timatuza tija mumationa pa mizu ya mtedza, tokoka nayitrojeni mu mpweya. Fetereza wa prairie anali ameneyu. Pali compass plant, chomera cha maluwa achikasu chomwe masamba ake amaima molozetsa m'mbali mwake kumpoto ndi kum'mwera kuti dzuwa la masana lisawaombe pamimba. Muzu wake umodzi umatsika mamita anayi, ndipo chimakhala zaka makumi angapo. Mpendadzuwa umene alimi athu amayenga mafuta kwawo kwenikweni ndi ku North America komweko. Ku steppe kuli zina zochita zinthu mwaliwiro. Chipale chofewa chikangosungunuka mu Epulo, maluwa a tulip ndi iris amaphuka kuchokera ku zianyezi zake za pansi, kuchita maluwa, kubereka mbewu, ndipo pakatha milungu yochepa pamwamba sipaonekanso kanthu mpaka chaka chinacho. Tulip amene dziko la Netherlands limatchuka naye makolo ake ndi a ku Central Asia.

Udzu sudikira njuchi. Mungu wake umauluka ndi mphepo, monga mmene ngayaye za chimanga zimachitira, ndipo pa chigwa chopanda mitengo mphepo sisowa. Udzu wodziwika kwambiri wa ku steppe, wa mtundu wa Stipa, mbewu yake ili ndi kamchira kataliitali konga nthenga. Kamchirako kamapotana kukauma, n'kupotoloka kukachita chinyezi, ndipo pochita zimenezi kamaboola dothi n'kudzala mbewuyo yokha. Kwathu kuno tili ndi udzu wochita chimodzimodzi, uja mbewu zake zimabaya masokosi ndi mathalauza mukadutsa patchire mu Meyi. Tolani zingapo, muziike pa mbale, mudonthezerepo madzi, ana aone timichirato tikuzungulira tokha.

Pali chinthu china chomwe mabuku a sukulu amachidumpha, koma kwa inu oweta ng'ombe n'chofunika. Asayansi amagawa udzu pawiri malinga ndi mmene umapangira chakudya m'masamba. Wa C3 umakonda nyengo yozizirira, ndipo tirigu, barele, oats, ryegrass ndi Stipa ali m'gulu limeneli. Wa C4 umakonda kutentha ndi dzuwa lamphamvu, ndipo sumwaza madzi. Chimanga, mapira, nzimbe, nsenjere, tsekera ndi kapinga ndi a C4. Ku steppe ndi kumpoto kwa prairie wochuluka ndi wa C3, ndipo mukamatsikira kum'mwera wa C4 umanka uchuluka. Pakati pa prairie magulu awiriwa amasinthana pa malo amodzi omwewo: wa C3 umabiriwira chisanu chikangotha, kukatentha umapuma, wa C4 n'kulanda malo, kenako kukayambanso kuzizira wa C3 umabwerera. Udzu wa m'tchire lathu pafupifupi wonse ndi wa C4. Umadzuka pamodzi ndi mvula ya Novembala kapena Disembala, umakula mothamanga, ndipo pofika Meyi wakhwima wonse nthawi imodzi.

Tsopano dothi. La ku steppe limatchedwa chernozem, ndipo amene analifufuza koyamba mwadongosolo ndi Vasily Dokuchaev wa ku Russia, yemwe anafalitsa zotsatira zake mu 1883. Iye anaonetsa kuti dothi silingokhala mwala wophwanyika. Limaumbidwa ndi nyengo, zomera ndi nthawi. Ku Ukraine dothi lakudali m'malo ena limazama mita yathunthu kapena kupitirira. Kuda kwake ndi mizu. Chaka chilichonse gawo lina la mizu ya udzu limafa, ina n'kumera, ndipo yakufayo imawolera pomwe ili, m'kati mwa dothi. M'nkhalango masamba amagwera pamwamba, chonde n'kukhala chapamwamba pokha. Udzu umathira manyowa ake pansi penipeni, ndipo wachita zimenezi kwa zaka masauzande.

Mungafunse kuti nanga udzu wathu ulibe mizu? Uli nayo, yambirinso. Chosiyana ndi zimene zimachitikira mizuyo ikafa. Kumeneko tizilombo towoletsa zinthu timagona miyezi yonse imene nthaka yaundana, ndipo chilimwe chikauma timagonanso. Nthawi yowoletsa ndi yaifupi, ndiye zotsalira zimaunjikana. Kwathu nthaka imakhala yofunda chaka chonse, ndipo mvula imagwa pa nthawi yotentha, pamene kuwola kumathamanga koposa. Tilinso ndi chiswe. Siyani mapesi m'munda mu Meyi, mukabwerenso mu Okutobala. Mupeza mapesi atakutidwa ndi timakoma ta dothi, mukaponda angophwanyika, m'kati muli mbee. Zomwe zikanasanduka chonde cha mundawo chiswe chazitutira ku chulu. N'chifukwa chake alimi amalimbirana dothi la pachulu. Ku Ukraine ndi ku Canada chiswe chotere kulibe, ntchito yosakaniza dothi imagwiridwa ndi nyongolotsi ndi timbewa tokumba una.

Msinkhu wa dothi nawonso ndi wosiyana. Kumpoto kwa America ndi Ulaya kunali madzi oundana okuta dziko, amene anasungunuka zaka zoposa 10,000 zapitazo. Madzi oundanawo ankapera miyala, ndipo mphepo inamwaza fumbi lake pa zigwa. Fumbi limeneli, lotchedwa loess, ndi mwala wopera kumene, michere yake idakali momwemo, makamaka laimu. Mvula yochepa ya kumeneko siyitha kuitsuka, ndipo kashiamu wa mu laimuyo amagwira zowolerana zija kuti zisachoke. Mapiri athu a Angónia ndi Tsangano ndi a miyala yakalekale, imene yakhala ikuphwanyika ndi kutsukidwa ndi mvula kwa zaka mamiliyoni. Mvula yathu, pafupifupi mamilimita 1,000, imagwa m'miyezi inayi kapena isanu yokha, yamphamvu, ndipo imatsitsa kashiamu ndi michere ina kutali ndi mizu. Chotsalira kwambiri ndi chitsulo, ndipo kufiira kwa katondo ndi dzimbiri la chitsulocho. Dothi lotere limakhala ndi asidi, ndipo chitsulo chija chimamanga fosifolasi kuti mbewu zisamupeze. N'chifukwa chake feteleza wokulitsa amaoneka ngati akungolowa m'dzenje.

Komabe ana musawauze kuti dothi lathu ndi lachabechabe. Katondo wa ku Angónia ndi wakuya, amasunga madzi, salowa matope msanga, ndipo ali m'gulu la dothi labwino kwambiri la ulimi m'Mozambique muno. Chimanga, nyemba ndi kachewere zodyetsa mzinda wa Tete zambiri zimatsika kuchokera kuno. Kungoti chonde chake chili m'kagawo kapamwamba kochepa, ndipo chimatha msanga tikamangokolola osabwezera.

Dothi lakuda tili nalo, ku dambo. Kumeneko choletsa kuwola ndi madzi. Nthaka ikakhala yonyowa miyezi yambiri mpweya sulowa, mizu yakufa siwola msanga, ndiye imaunjikana. Ntchito imene chisanu chimagwira ku steppe, kwathu imagwiridwa ndi madzi a m'dambo. Ngati mukufuna kuti phunziroli lilowe, tengani makasu ndi anawo mukakumbe maenje atatu ofika m'chiuno: lina m'munda umene walimidwa zaka zambiri, lina patchire pomwe khasu silinafikepo, lina m'mphepete mwa dambo. M'munda mupeza kufiira kuyambira pamwamba, ndipo pansi pa mizere pali chigawo cholimba pomwe khasu limalekezera chaka ndi chaka, mizu ya chimanga itapindikira m'mbali. Patchire mupeza kagawo kodera kokwana chikhatho chimodzi kapena ziwiri, kodzaza timizu, dothi lake lochita timibulu tomwe sitisungunuka msanga mukatiponya m'madzi. Ku dambo kuda kumatsika mpaka pansi pa dzenjelo. Akayeze ndi lula kuzama kwa kudako, alembe.

Chonde cha prairie chinapezetsa udzuwo tsoka. Poyamba mapulawo a chitsulo chosungunula ankalephera, dothi linkamatirira. Mu 1837 John Deere wa ku Illinois anasula pulawo yachitsulo chosalala imene dothi silinkakakamira, ndipo m'zaka makumi ochepa prairie ya udzu wautali inasanduka minda ya chimanga ndi tirigu. Lero yotsala sikwana magawo 4 pa 100 alionse, ndipo yambiri ili ku Flint Hills m'chigawo cha Kansas, komwe miyala inakaniza pulawo. Kumadzulo kouma alimi anagalauza udzu waufupi uja n'kudzala tirigu. Tirigu ndi udzu ndithu, koma wa chaka chimodzi, mizu yake ndi yochepa, ndipo akakolola nthaka imatsala yambulanda. Chilala chitabwera m'zaka za m'ma 1930, panalibe chogwira dothi. Mphepo inanyamula minda ya ku Oklahoma, Texas, Kansas ndi Colorado, fumbi lake mu 1934 linakafika ku New York ndi ku Washington, ndipo pa 14 Epulo 1935 masana kunada bii. Chaka chomwecho boma la America linakhazikitsa nthambi yoteteza nthaka. Soviet Union, dziko lakale lomwe Russia ndi Kazakhstan zinali mbali zake, inabwereza zomwezo kuyambira mu 1954, pamene mtsogoleri wake Khrushchev analamula kuti agalauze steppe ya kumpoto kwa Kazakhstan ndi Siberia, mahekitala oposa 30 miliyoni. Zaka zoyamba anakolola zambiri, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 fumbi linayamba kuuluka. Chinathandiza ndi njira ya katswiri wina, Alexander Barayev, yolima mosatembenuza dothi n'kusiya ziputu za tirigu zili chiimire. Kwathu wonyamula dothi ndi madzi osati mphepo, koma aliyense amene waona mtsinje wa Revúbuè utafiira mu Janyuwale akudziwa kumene minda ya m'mapiri ikupita.

Ndiye ana muwayankha chiyani? Ine ndingati, m'bale wathu wapafupi pa madera onsewa ndi Highveld. Kumeneko n'kokwera, Johannesburg ili pa mamita oposa 1,700, mvula imagwa m'chilimwe chotentha, nyengo yozizira ndi youma ndi yachisanu, ndipo udzu wake ndi wa C4, wodziwika kwambiri ndi wofiirira uja wotchedwa Themeda, womwe kwathu kunonso umapezeka. Kuzizira kwathu kumabwera chifukwa cha kukwera kwa malo, osati kutalikirana ndi pakati pa dziko. Tawuni ya Ulónguè ku Angónia ili pamwamba pa mamita 1,200, phiri la Dómuè limapitirira 2,000, pomwe mzinda wa Tete m'mbali mwa Zambezi umapsa mpaka madigiri oposa 40. Tirigu wathu nayenso ndi wina. Wambiri wa ku Ukraine ndi ku Kansas amadzalidwa chisanu chisanayambe, amagona pansi pa chipale chofewa, ndipo sabereka ngala asanamve kuzizira kwa milungu ingapo. Wa ku Tsangano ndi wa mtundu wosafuna zimenezo.

Muwauzenso kuti malo opanda mitengo kwathu kuno ali amitundu iwiri. Ambiri anali nkhalango ya miombo ndi masuku, ndipo anayera ndi nkhwangwa ndi khasu. Mukawasiya, zitsa zimaphukira. Koma madambo ndi nsonga za mapiri ndi malo audzu achilengedwe. Ku dambo mitengo imakanika chifukwa cha madzi, komanso chisanu chimatsikira komweko usiku. Malo otere mumawazindikira ndi maluwa amene amatuluka pa lupsa mu Seputembala ndi Okutobala mvula isanagwe n'dontho lomwe. Madzi ndi chakudya amazitenga ku zikhawo ndi zitsa zake za pansi. Pali ngakhale timitengo tomwe thunthu lake lonse lili m'dothi, pamwamba n'kungoonetsa timphukira tofika m'kakolo, ndipo kena mwa ito ndi kam'bale wa muula. Chinaka chomwe amayi amakumba ndi cha m'gulu la maluwa a orchid, ndipo ku Nyika m'Malawi mitundu yake imaposa 200. Apa ndinene maganizo anga mosabisa: kudzala paini kapena bulugama pa malo otere, ngakhale azitcha kubwezeretsa chilengedwe, ndi kuwononga. Mthunzi umapha zomera zimenezi, ndipo malo audzu akale akagalauzidwa kamodzi, udzu ungabwerere koma zamaluwa zija sizibwerera m'moyo wa munthu mmodzi. Mitengo idzalidwe pomwe panali mitengo.

Za moto ndingodutsamo. Ku Flint Hills oweta ng'ombe amatentha dala chisanu chikangotha, ndipo akasiya kutentha mitengo ya mkungudza wa kumeneko imalanda msipu. Kutentha kwawo kumachitika nthaka ili ndi chinyezi, udzu watsala pang'ono kuphuka. Moto wathu wosakira mbewa wa mu Seputembala umasiya nthaka yambulanda miyezi iwiri kudikira mvula yoyamba, ndipo kamsipu kotuluka pa lupsa kamatapa nkhokwe ya m'mizu, ng'ombe n'kukabudulanso kasanabweze kanthu. Zikachitika chaka ndi chaka, udzu wabwino umatha, wosadyeka n'kutsala.

Tifike pa ng'ombe zanu. Mbewu ya udzu wa ku prairie kapena ku steppe musaitanitse, mungotaya ndalama. Wa C3 umafuna chinyezi pa nthawi yozizira, ndipo kwathu nthawi yozizira ndiyo youma. M'dzinja, pomwe madzi alipo, tsekera ndi anzake amauposa liwiro n'kuuphimba. Kuonjezera apo, mbewu yolowa mwachisawawa imabwera ndi alendo. Chitsamba chogubuduzika ndi mphepo chija chotchedwa tumbleweed, chomwe lero chadzaza kumadzulo kwa America, chinachokera ku Russia m'zaka za m'ma 1870 chitasakanikirana ndi mbewu ya fulakisi, chomera chopangira nsalu ndi mafuta.

Ng'ombe zanu sizikuwonda chifukwa udzu wathu ndi wamtundu woipa. Alimi a ku South Africa amasiyanitsa msipu wowawasa ndi msipu wokoma. Wowawasa ndi wa kumapiri kwa mvula yambiri ndi dothi lotsukika. Ukakhwima umabweza michere yake ku mizu, pamwamba n'kutsala mapesi opanda kanthu. Wokoma ndi wa kuchigwa kotentha kwa mvula yochepa, umauma uli ndi chakudya chake. Tsangano ndi Angónia ndi msipu wowawasa. Changara ndi madera ozungulira Tete, komwe mvula ili cha m'ma 600, ndi wokoma, ndipo pamodzi ndi masau ndi masamba a zitsamba, ndiwo umanenepetsa mbuzi zotchuka zija. Kuti m'mimba mwa ng'ombe muzigaya bwino, chakudya chiyenera kukhala ndi zomanga thupi pafupifupi magawo 7 pa 100. Tsekera wouma wa mu Ogasiti amatsika mpaka cha m'ma 3. Ng'ombe imadya mimba n'kutupa, koma nthiti zikuwerengeka.

Mankhwala ake ndi kugwira udzuwo usanabweze chakudya pansi. Mwetani pamene wayamba kumene kutulutsa ngala, cha kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo mvula ikamadukiza, osati mu Juni pomweta wofolera. Uumitseni masiku awiri kapena atatu mukuutembenuza. Wouma bwino umakhalabe wobiriwirako ndipo umanunkhira, ukayera mbuu ndiye kuti dzuwa laudya. Ngati mukufuna udzu wodzala, tengani wa ku Africa konkuno: Rhodes grass woti muziumitsa, ndi nsenjere m'mphepete mwa dimba woti muzidula uli wofika m'chiuno. Nkhungudzu ndi nandolo zidzalidwe pakati pa chimanga, ndipo zotsalira za mtedza, soya ndi nyemba zisatenthedwe, chifukwa zomanga thupi zomwe tsekera alibe zili mmenemo. Pa akalozera a m'minda yotsetsereka dzalani vetiva, mizu yake imatsika mpaka mamita atatu.

Wa kozizira amene angakuthandizeni ndi oats, ndipo malo ake ndi ku dimba lothirira, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, nthawi yomwe kuzizira kwa ku Tsangano kumamukomera. Amapirira chisanu chimene chimapha kachewere, ndipo mungamudule kawiri. Kagawo kochepa n'kokwanira ng'ombe zoyamwitsa ndi zokoka ngolo. Mbewu yake funsani kwa alangizi a ulimi a m'boma lanu. Lucerne, msipu wodzala wa m'gulu la nyemba, musathamangire, dothi la asidi salifuna pokhapokha mutathira laimu.

Udzu woumitsa uja muusanje pa thandala lokwera, miyendo yake mutaipaka oyilo wakutha kapena kuthira phulusa m'munsi kuti chiswe chisakwere, pamwamba mufolere. Muyambe kupatsa ng'ombe mu Julaye kapena Ogasiti zisanayambe kutsika thupi, madzulo zikabwera kubusa, pamodzi ndi madeya pang'ono ndi mchere. Mukadikira Okutobala mudzakhala mukudzutsa ng'ombe yogona kale, ndipo imeneyo imadya zambiri kuti ibwerere kusiyana ndi imene simunailole kuwonda.